Anandiuza kuti msana wanga ndi wokhota: zomwe zinandichitikira pa makina osokera

Amene timasoka pa makina opalasa ndi phazi timaudziwa bwino mwezi wa September. Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira, makolo amabwera ndi nsalu za yunifomu onse nthawi imodzi, aliyense akufuna ya mwana wake ithe lisanafike Lolemba. Umakhala pa benchi kuyambira m'mamawa mpaka kunja kutada, mutu uli chowerama pa singano, phazi likupalasa. Ululu wanga unayamba m'nyengo yotereyi. Unali m'munsi mwa msana, pamwamba pa chiuno penipeni, makamaka chakumanja. Ndikati ndidzuke ndinkayamba ndatsamira kaye tebulo la makina, n'kuyenda chowerama pang'ono ndisanawongoke.

Mpumulo ndinkaupeza podzithyola. Ndinkagwira m'mphepete mwa benchi n'kupotoza thupi kumanja, kenako kumanzere, mpaka msana ulire kuti thyo! thyo! Pompo ndinkamva kupepuka. Usiku ndinkagona chafufumimba pa mkeka, mwana wanga wamng'ono n'kumandiyenda pamsana monga tinkachitira ndi agogo athu tili ana. Koma kupepukako sikunkakhalitsa. Pakapita kanthawi msana unkaumanso, ine n'kudzithyolanso, ndipo m'kupita kwa miyezi ndinkachita zimenezi pafupipafupi moti makasitomala anayamba kundifunsa ngati ndili bwino.

Wodwala msana sasowa alangizi. Ena ankati ndi impso, ndizimwa madzi ambiri. Ena ankati ndikatemedwe mphini. Ambiri ankati pali fupa linasuntha, mwina pamene ndinkabereka mwana womaliza kapena potula ndowa ya madzi, ndipo kulirako ndi fupalo likubwerera m'malo mwake. Mawu amenewa ndi amene anandifikitsa kwa bambo wina m'tauni amene amatikita ndi kuwongola anthu. Anandiimika, n'kuyang'ana mapewa anga, n'kundigoneka ndi kuyerekeza zidendene. Anati phewa limodzi latsika, mwendo wakumanja ndi waufupi, chiuno chapendekeka, ndipo msana wonse wachoka mu mzere wake. Anandipinda, msana unalira kwambiri, ndipo ndinatuluka ndikumva bwino ndithu. Anati ndizibwera sabata iliyonse, apo ayi mafupawo azisunthanso. Ulendo uliwonse unali wolipira.

Ndalama zinapita, koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi mantha amene mawu aja anadzala mwa ine. Munthu akakuuza kuti mafupa ako akusuntha, umayamba kudziyendetsa ngati chinthu chosachedwa kusweka. Ndinasiya kuwerama. Ndinasiya kusesa, kuchapa, ngakhale kunyamula mwana wa mnansi. Ndinagula lamba wa m'chiuno n'kumamanga tsiku lonse. Loweruka ndi Lamulungu ndinkangogona. Ululu m'malo motsika unakwera, ndipo ndinayamba kumwa brufen ndi indosidi wa pagolosale m'mawa ndi madzulo, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. M'mimba mutayamba kutentha usiku ndi pamene ndinapita kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko nkhani ya msana inatulukira.

Adokotala anandifunsa mafunso amene palibe anali atandifunsapo. Kodi ululuwo umakudzutsani usiku ngakhale mutagona phee? Mwaonda? Mumatuluka thukuta usiku? Miyendo imafooka kapena kuchita dzanzi? Mkodzo ndi chimbudzi mukuzigwira bwino? Munagwapo kapena kuchita ngozi? Zonse ndinayankha kuti palibe vuto. Anandiyendetsa chonyang'ama ndi zala, kenako ndi zidendene, anagogoda mawondo, anakweza mwendo uliwonse ndili chagada. Atatha anandiletsa mapiritsi aja, anandipatsa mankhwala a m'mimba, n'kundilembera kuti ndipite ku mafizo. Ndinapempha kuti andijambule. Anati pakadali pano palibe chifukwa, ndipo ndinatuluka ndili wokhumudwa, chifukwa ndinkafuna kuona fupa losunthalo ndi maso anga.

Wa mafizo anali mtsikana wamng'ono kwa ine, mmodzi mwa amene amaphunzira ntchitoyi konkuno ku Blantyre. Nditamufotokozera zonse, anatenga chifanizo cha msana chapulasitiki n'kundipatsa kuti ndigwire.

"Amayi, tayesani kusuntha fupa limodzi apa ndi chala chanu," anatero. "Ichi ndi chapulasitiki chabe. Wanu weniweni ndi womangidwa mwamphamvu kuposa apa. Fupa la msana silituluka m'malo mwake chifukwa chosoka kapena kutula ndowa, ndipo munthu sangalibwezere ndi manja. Likasunthadi mwadzidzidzi, monga pa ngozi ya galimoto, kawirikawiri munthuyo sabwera kuno akuyenda yekha."

Anandiwerengera mafupawo: 7 a m'khosi, 12 a pamsana pamene pagwira nthiti, 5 a m'munsi, kenako ena ogwirana pamodzi amene amapanga kumbuyo kwa chiuno ndi kafupa kothera. Pakati pa mafupa oyenda aja pali kanyama kolimba koma kofewa m'kati, kamene achipatala amati disiki, ndipo kumbuyo kwa fupa lililonse kuli timfundo tiwiri tolumikizana ndi fupa lotsatira. Zonsezi zakulungidwa ndi minyewa ndi minofu yochindikala. Anandionetsanso kuti msana wabwinobwino si wowongoka. Ukauyang'ana cham'mbali, umalowa m'kati pakhosi, umatuluka pamsana, umalowanso m'munsi, ndipo kupindika kumeneku n'kumene kumauthandiza kusenza thupi. Za phewa lotsika anangoti ndiyang'ane anthu amene anali pamzere panja. Pafupifupi aliyense ali ndi phewa limodzi lotsikirapo kapena mwendo wosiyana pang'ono ndi unzake, odwala msana ndi osadwala omwe.

Nanga kulira kuja n'chiyani? Funso limeneli ndi limene linkandisowetsa mtendere. M'timfundo tija, monganso m'mfundo za zala, muli madzi oterera amene amathandiza mafupa kuyenda osakhulana, ndipo m'madziwo muli mpweya wosungunuka. Ukakoka kapena kupotoza mfundo mwadzidzidzi, mbali ziwirizo zimatalikirana pang'ono, mpweya uja umapanga kathovu, ndipo phokoso limachokera pamenepo. N'chifukwa chake ukathyola chala, sichiliranso mpaka patapita mphindi pafupifupi 20, mpweya utasungunukanso. Mu 2015 akatswiri a ku University of Alberta ku Canada, motsogozedwa ndi Greg Kawchuk, anaika dzanja la munthu m'makina a MRI, amene amajambula m'kati mwa thupi, n'kumakoka chala, ndipo anajambula kathovuko kakupangika nthawi yomweyo imene chala chinalira. Palibe fupa linachoka pena n'kupita pena. Kupepuka kumene timamva n'kwenikweni, sindikukana: minofu yozungulira imamasuka ndipo ululu umazizira kwa kanthawi. Koma ndi kwa kanthawi basi, ndipo n'chifukwa chake ine ndinkabwerezabwereza.

Tonse tinakula tikuuzidwa kuti kuthyola zala kumabweretsa nyamakazi. Dokotala wina wa ku California, Donald Unger, ankathyola zala za dzanja lake lamanzere tsiku lililonse kwa zaka 50, lamanja osalikhudza, ndipo mu 1998 analemba kuti manja onse awiri analibe nyamakazi. Ndi munthu mmodzi chabe, inde, koma kafukufuku wina wa anthu ambiri sanapezenso kugwirizana pakati pa zinthu ziwirizi. Mfundo ikamalira yokha popanda kupweteka, kutupa kapena kukanirira, nthawi zambiri si matenda. Kulira kotsagana ndi ululu wobaya, kutupa, kapena kumene kwayamba munthu atagwa, kumeneko ndiye n'kokaonetsa.

Za kujambula, mtsikana uja anandiuza chinthu chimene poyamba sindinachikhulupirire mpaka mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira za unamwino, atandiwerengera yekha. Mu 1994 ku America anajambula ndi MRI anthu 98 amene msana sunkawapweteka n'komwe. Oposa theka anapezeka ndi disiki yotukumuka, ndipo amene madisiki awo onse anali abwinobwino anali pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse. Mu 2015 ena anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wotere n'kupeza kuti kutha kwa madisiki kumaoneka mwa anthu 37 pa 100 alionse a zaka 20 osamva ululu, ndipo pofika zaka 80 kumaoneka mwa 96 pa 100. Wa mafizo anati zimenezi zili ngati imvi, kungoti ndi za m'kati. Akanandijambula, mwina akanapeza kenakake, ine n'kuwonjezera mantha pa chinthu chimene sichinali gwero la ululu wanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda imodzi yoti n'kuiloza. Ine ndinali m'gulu limenelo: minofu ndi timfundo totopa ndi kukhala malo amodzi, tulo tochepa, nkhawa ya ntchito yosatha, kenako kugona ndi lamba zimene zinafooketsa minofu yomwe inkayenera kundigwira.

Ganizo lakuti matenda amachokera ku mafupa a msana osuntha lili ndi kwawo. Linatchuka ndi D.D. Palmer wa ku Davenport, Iowa, ku America, amene mu 1895 anayambitsa chiropractic, ntchito yochiza powongola msana ndi manja, ndipo iye ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amayamba choncho. Achibale athu amene ali ku Joni amawadziwa ma chiropractor, chifukwa kumeneko amaphunzira ku yunivesite, ku Durban ndi ku Johannesburg, ndipo amalembetsedwa mwalamulo. Koma ngakhale bungwe loyang'anira ntchitoyi ku Britain linanena mu 2010 kuti palibe umboni wa kafukufuku wosonyeza kuti kusuntha kotereku ndi kumene kumayambitsa matenda. Sindikunena kuti kutikita ndi kuwongola n'kopanda ntchito. Malangizo a WHO a mu December 2023 okhudza ululu wa msana wokhalitsa amavomereza kutikita ndi kuwongola kwa akatswiri ngati mbali imodzi ya chithandizo, pamodzi ndi zolimbitsa thupi ndi kumufotokozera wodwala za vuto lake. Malangizo omwewo amati malamba a m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la morphine asagwiritsidwe ntchito pa vuto limeneli. Chimene ndimatsutsa ndi kuuza munthu kuti thupi lake ndi lokhota ndipo sangakhale bwino popanda kubwera kudzalipira sabata iliyonse. Mawu amenewo amadwalitsa.

Zimene anandipatsa ku mafizo zinali zosavuta moti ndinkakayika ngati zingathandize. Ndivule lamba. Ndizidzuka pa makina pakatha theka la ola lililonse, ngakhale kungopita kukasita kolala kapena kukatunga madzi akumwa. Ndiziyenda wapansi tsiku lililonse, kuyamba ndi mtunda waufupi. M'mawa ndi madzulo ndizigona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa, kenako kugwetsera mawondo kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, kenako kukweza chiuno m'mwamba mapazi ali pansi. Ndizigwada ndi manja ndi mawondo, n'kutambasula dzanja limodzi ndi mwendo wa mbali inayo. Ndiyambirenso kuwerama ndi kunyamula, kuyamba ndi zopepuka, katundu ali pafupi ndi thupi. Benchi ndinasintha ndi mpando wotsamira, ndipo kalipentala anaudula miyendo kuti ugwirizane ndi tebulo la makina. Ndinaikanso babu pafupi ndi singano, chifukwa kuwerama kwanga kwambiri kunali kofuna kuona ulusi.

Masabata oyamba anali ovuta. Kuwerama koyamba nditavula lamba ndinachita thukuta ndi mantha, ndipo tsiku lotsatira msana unawawa kuposa dzulo lake. Ndinabwerera kukadandaula. Mtsikana uja anandipima n'kunena kuti, "Amayi, minofu imene yagona miyezi yambiri ikadzuka imadandaula. Kuwawa kumeneku sikukutanthauza kuti mwavulala. Chepetsani pang'ono, koma musasiye." Ndinapitiriza. Patapita miyezi ingapo ndinazindikira kuti ndadzuka pa makina osagwira tebulo. Chilakolako chodzithyola chinachepa chokha, chifukwa kuuma kumene kunkandichititsa kunali kutachepa. Lero msana umandiwawabe nthawi zina, makamaka nyengo ya mayunifomu ndi ya maukwati, ndipo ndikadziwongola m'mawa umalira. Ndimachepetsa ntchito tsiku limenelo, ndimaika nsalu yofunda, ndimayenda, ndipo pakapita masiku ochepa umaleka.

Pali kukhota kwa msana kwenikweni, ndipo sindikufuna wina awerenge izi n'kukunyozera. Ana ena, makamaka atsikana akamatha msinkhu, msana umakhotera kumbali, achipatala amati scoliosis. Ife atelala timakuona msanga poyeza diresi: mbali imodzi ya m'chiuno imalowa kwambiri, mpendero sukhala wofanana, ndipo mwana akawerama nthiti za mbali imodzi zimatukuka. Kawirikawiri sikupweteka, ndipo sikuwongoka ndi kuponda kapena kuthyola. Mwana wotere apite kuchipatala akadali kukula, pamene madokotala angathe kutsatira ngati kukhotako kukuwonjezeka. M'zipatala za m'maboma muli a zamafupa amene angamuone, ndipo ku Blantyre kuli Beit CURE yomwe imaona ana a mavuto a mafupa.

Koma chimene chandichititsa kulemba zonsezi ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga wamkulu. Iwo msana unayamba kuwawa chapakati, pamene pathera nthiti. Ndi mlimi, choncho aliyense anati ndi khasu. Anatikitidwa, anatemedwa mphini, adzukulu ankawaponda madzulo alionse, ndipo anthu ankati fupa lasuntha chifukwa pamsana panayamba kutuluka kachotupa kolimba ngati chiyambi cha linunda. Ululu wawo unali wosiyana ndi wanga. Wanga unkachepa ndikagona kapena ndikasintha kakhalidwe. Wawo sunkasankha, unkawadzutsa pakati pa usiku, ndipo ankadzuka malaya atanyowa ndi thukuta. Anaonda mpaka thalauza linayamba kugwa. Sankatsokomola, choncho palibe anaganiza za chifuwa chachikulu. Tsiku lina akuchokera kumunda miyendo inayamba kukokeka, patapita sabata anali akulephera kuima.

Kuchipatala anapeza kuti ndi TB ya msana. Tizilombo ta TB sitikhala m'mapapo mokha. Timatha kuyenda ndi magazi n'kukakhazikika m'mafupa a msana, n'kumadya mbali yakutsogolo ya fupa mpaka litaphwanyika, ndipo msana umapindikira kutsogolo pamalo amodzi. Mafinya ndi fupa lophwanyikalo zimapanikiza mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana, n'chifukwa chake miyendo imafa. Nthendayi inafotokozedwa ndi dokotala wa ku London, Percivall Pott, mu 1779, ndipo kuno kwathu, kumene TB ndi HIV zili pakati pathu, ikadalipo ndithu. Alamu anamwa mankhwala kwa nthawi yaitali kuposa miyezi 6 imene amamwa a TB ya m'mapapo, anachita mafizo, ndipo lero akuyenda ndi ndodo. Linunda silinachoke. Ndikaganiza kuti ana ankaponda pa fupa limene linali likudyeka m'kati, mtima umandiwawa mpaka pano, chifukwa onse ankachita mwachikondi ndipo palibe anawauza kuti ululu wotere ndi wina.

Choncho mafunso amene adokotala anandifunsa aja muwasunge. Ngati msana ukuwawa usiku osaleka ngakhale mutagona bwanji, ngati mukuonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, ngati pamsana patuluka chotupa, musalole munthu akupondeni kapena kukuthyolani, pitani kuchipatala ndipo mukanene zizindikiro zonsezo, osangoti msana ukuwawa. Ngati miyendo ikufooka, ngati mwachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, limenelo ndi la tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa mitsempha ikapanikizika nthawi yaitali siichira. Amayi anzanga, msana ukamawawa pamodzi ndi kutaya magazi mosayembekezera kapena chikazi chonunkha, kayezetseni khomo la chiberekero. Ululu wa chakumtunda m'mbali, wotsagana ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza, umenewo ndiye ungakhale wa impso. Ndipo amene anadwalapo khansa, kapena wagwa kumene, asadikire kuti aone ngati upola wokha.

Agogo okalamba asamapondedwe msana n'komwe, ngakhale ndi kamwana, chifukwa mafupa awo amakhala atafewa ndipo nthiti kapena fupa la msana lingathyoke. Khosi nalo musalole mnzanu alipotoze mwadzidzidzi kuti lilire. Sizichitikachitika, koma mitsempha ya magazi yopita ku ubongo imadutsa mmenemo ndipo ikang'ambika munthu amatha kufa ziwalo. Brufen, indosidi ndi diclofenac ndi a gulu limodzi, musamaphatikize, musamwe m'mimba muli mopanda kanthu, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, BP, vuto la impso kapena ali oyembekezera afunse kaye achipatala. Kuyezetsa TB ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo munthu akhoza kupempha kuti amuone ngakhale sakutsokomola.